Kusudzulidwa kwa a Gerishomo

Dzina langa ndine Meshack, ndipo aliyense wondidziwa ku Kachulu akuuzani kuti sindichedwa kupsa mtima. Sakunama. Koma za a Gerishomozi zikanakupsetsani mtima inunso, ngakhale mutakhala wofatsa chotani.

A Gerishomo anali wapampando wa komiti yathu ya okalamba, ine wachiwiri wawo. Komitiyi ndi ya midzi yozungulira doko la Kachulu, ndipo timakumana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Ntchito yathu ndi kulankhulira nkhalamba: kukauza a chipatala kuti agogo asamaime pamzere umodzi ndi anyamata, kuuza a chitukuko kuti denga la uje likudontha, ndi kuthamangira kumene nkhalamba ikuzunzidwa kapena kutchedwa mfiti. Malamulo akuluakulu ndi awiri. Membala azigona m'mudzi umene akuuimira, ndipo mudzi umodzi membala mmodzi, basi. Anawaumirira malamulowa ndi a Gerishomo omwewo tsiku limene tinkayamba. Ankati munthu wogona kutali sangamve nkhalamba ikutsokomola, ndiponso ankadana ndi anthu olowa makomiti chifukwa cha fanta ya pamiting'i.

Ndinawadziwa tili anyamata, pamadzi. Agogo awo anachokera ku Mozambiki ndi mtolo pamutu, n'kukagwira ntchito m'maesiteti. Iwo anabadwira m'nyumba ya pa esiteti, nyumba ya eni. Esitetiyo itasintha eni, banja linabalalika. Mai awo anafera kwina, mlongo wawo anakwatiwa kutsidya ku Mozambiki n'kusowa nthawi ya nkhondo ija, osamvekanso. Iwo anatsikira kunyanja ndi kabudula mmodzi, n'kuyamba kukankha bwato la eni ndi nsungwi, kunyamula anthu ndi matumba kupita ku chilumba cha Chisi. Tinagonapo limodzi pa zimbowera, timisasa toyandama tija, udzudzu ukutidya mpaka kumaso kutupa. Ine ndinkatukwana udzudzuwo ndi makolo ake omwe. Iwo ankangoti, "Achimwene, udzudzu sumva," n'kutembenuka.

Padoko pomwepo ndi pamene anaona a Veronica akuyanika matemba. Anakwatira, n'kukakhala chikamwini kwao kwa mkazi monga timachitira kuno. Ankhoswe awo anali mkulu wina wa mabwato amene anangowamvera chisoni, ndipo anamwalira kalekale. Kumudziko anaumba njerwa okha, kuotcha okha, kumanga nyumba ya malata. Anatsegula munda wa mpunga pamalo amene eni mudzi ankati ndi a achule. Nyanja itaphwa mu 1995 amuna ambiri anathawa akazi, ena mpaka lero akuti akubwera. A Gerishomo sanasunthe, ankadula nkhuni kuphiri n'kukagulitsa pa njinga. Mwana sanamuone. Anthu anawanong'oneza kangapo kuti ayese kwina, iwo n'kumangoyankha kuti, "Ndinakwatira Veronica, sindinakwatire mimba."

Pampando anali munthu wovuta, ndinene zoona. Miting'i isanayambe ankafunsa aliyense, "Sabata ino mwaona ndani?" Ukati sunaone aliyense, sankakukalipira. Ankangokuyang'ana n'kuti, "Chabwino," ndipo chabwino ameneyo ankakutsata mpaka kunyumba. A Wilisoni, mnzathu wapamtima, atasamukira kwa mwana wawo ku Songani, a Gerishomo anawachotsa m'komiti osaphethira. Ine ndinawatcha munthu wouma mtima tsiku limenelo, pamaso pawo. Anati, "Mwina ndi zoona," n'kupitiriza miting'i.

A Veronica anamwalira chaka chatha, mpunga titangokolola. Maliro anayenda bwino. Koma dothi la pamanda lisanaume, tinamva kuti a Pearson, mlongo wawo wa malemu amenenso ndi mwini mbumba, akonza tsiku losudzula alamu awo.

Kusudzula pakokha si nkhanza ayi. Ndi kumasula wofedwa kuti ukwati watha, ali ndi ufulu. Mabanja ena amasudzula n'kunena kuti, "Khalani, ndinu wathu." Koma a Pearson anali atanena kale pa chigayo kuti mbumba yakula, malo palibe, nyumba ija alowamo mwana wa mlongo wawo wina, ndipo munda ubwerera kwa eni. A Gerishomo apite kwao. Kwao kuti, abale? Munthu wazaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, mano atsala ochepa, kwao kuti? Ndipo akachoka m'mudzimo, mpando wa komiti wapitanso, mwa lamulo lawo lomwe lija. Nyumba ndi mpando zinali kupita limodzi.

Ndinapita kukawaona. Ndinawapeza pakhonde akusoka thumba la mpunga.

"Achimwene, mwamva?" ndinafunsa.

"Ndamva."

"Ndiye mwangokhala?"

"Nanga ndiime?"

Ndinatsala pang'ono kuwalanda singanoyo. "Mwalowerera nkhani za nkhalamba zingati m'dera lino? Lero yafika panu mukusoka thumba!"

"Mwambo ndi wa eni, a Meshack. Ine ndinabwera ndi kabudula, iwo akudziwa, inenso ndikudziwa."

Pobwerera ndi pamene nzeru inandifikira, ndipo mpaka lero ndimati inali nzeru yabwino. Kwathu kuno posudzula sangomuuza munthu kuti nyamuka. Akuchikazi amampereka, akuchimuna amamulandira. Payenera kuima mbale wake n'kunena kuti, "Munthu wathu tamulandira." Popanda wolandira mwambo suyenda, chifukwa munthu satayidwa pamsewu, ndipo akuluakulu sangalole. Tsono a Gerishomo analibe mbale ndi mmodzi yemwe. Umphawi wawo womwewo ndi umene ukanawapulumutsa.

Ndinaitanitsa mamembala onse kupatula iwo, n'kuwalongosolera. "Tonse tikapezeke pamenepo. Akafunsa kuti akuchimuna ali kuti, pasapezeke wotsokomola. Afunsa, atopa, abalalika. Akayesanso mwezi wamawa tidzakhalanso chete. Mapeto ake awasiya."

Onse anavomera. Koma ine maso anga anali pa a Rozi. A Rozi ndi membala wa mudzi woyandikana nawo, mai wamasiye wogulitsa mlamba wowamba, pakamwa ngati wailesi koma mtima wa phala. Amalira ngakhale pa maliro a munthu amene anakangana naye dzulo.

"A Rozi, mwamva?"

"Ndili ndi makutu, a Meshack."

"Makutu ndawaona. Ndikunena pakamwapo."

"Iii, inu ndiye mwayamba liti kuphunzitsa anthu kukhala chete?" Anthu anaseka, koma ine sindinaseke.

A Gerishomo ndinawauza madzulo ake. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa chinthu chimodzi chokha. "Ndiye ine ndidzaima pamenepo mpaka liti?"

"Mpaka atope," ndinatero.

"Chabwino," anatero.

Tsikulo linali Loweruka m'mawa, kukuomba mphepo ya kunyanja ija youmitsa milomo. Anthu anadzaza pabwalo la nyumba, amai pa mphasa mbali iyi, abambo pa timipando mbali iyo. Ife a komiti tinakhala pamodzi pansi pa mtengo wa mango, ine pafupi ndi a Rozi, dala. Katundu wa a Gerishomo anali atatulutsidwa kale n'kuunjikidwa pakati: mphasa, bulangete, khasu, chikwakwa, njinga, ndi kasutikesi komanga ndi chingwe. Nditaona kamuluko mtima unandiwawa. Munthu waumba njerwa za nyumba yonseyo, zake ndi zimenezi?

A Pearson anaimirira. Si munthu woipa nkhope, ndipo amalankhula mokoma, za mpingo akudziwa. Anathokoza alamu awo posunga bwino mlongo wawo, posamuthawa pa chilala, pomudwazika mpaka tsiku lomaliza. Anthu anang'ung'udza movomereza. Kenako anati, "Alamu, taimani pakatipa."

A Gerishomo anaima pafupi ndi katundu wawo, chipewa chili m'manja.

"Ife akuchikazi takonzeka," anatero a Pearson. "Akuchimuna ali kuti?"

Zii. Ndinamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa nkhokwe. Mumtima ndinati, eya, zayamba.

A Pearson anayang'ana uku ndi uku. "Ndati akuchimuna. Wolandira alamu athuwa ndani?"

Zii. Mkulu wina wa mbumba anawakodola a Pearson n'kuwanong'oneza, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anazindikira. Anatiyang'ana ife a pansi pa mango, ine n'kuwayang'ananso osaphethira. Zinali kuyenda, ndikukuuzani, zinali kuyenda! Akuluakulu ena anali atayamba kale kufunafuna ndodo zawo.

Koma a Pearson sanakhale pansi. Anatembenukira kwa a Gerishomo eni ake.

"Alamu, tithandizeni. Sitikufuna kukutayani. Tchulani dzina limodzi lokha, titume mwana pa njinga akamutenge. Malume? Mphwanu? Mdzukulu?"

A Gerishomo anapukusa mutu.

"Ngakhale wa kutali? Wa mtundu wanu chabe?"

Anapukusanso. Kumbali ya amai wina anati, "Koma ndiye anangomera ngati bowa," ndipo atsikana anaseka m'zitenje. Kuseka kwake sikunali kwakukulu, koma kunamveka bwalo lonse. Munthu amene ankakankha bwato lodzaza matumba kukafika ku Chisi osapuma, lero atsikana akumuseka pabwalo la nyumba yake.

A Rozi anayamba kupuma mwamphamvu pambali panga. Ndinawanong'oneza, "Limbani mtima, zatsala pang'ono."

"Nanga kwanu n'kuti, alamu?" anafunsa a Pearson, mofatsa ndithu. "Munthu aliyense ali ndi kwao."

A Gerishomo anatsegula pakamwa. "Kwathu..." anatero, mawu n'kuthera pomwepo. Anatembenuza mutu kuyang'ana kumsitu wa kumanda kumene tinaika a Veronica, ndipo misozi inatsika, osaipukuta. Zaka zonse zimene ndinawadziwa, ngakhale pa maliro paja, ndinali ndisanaione.

Ndinamva mphasa ikukhwekhwereza. Ndinagwira chitenje cha a Rozi, iwo n'kundimenya dzanja, phaa! Mpaka anthu anacheuka.

"Ndilipo!" anakuwa a Rozi ataima. "Wakuchimuna ndine. Awa ndi achimwene anga. Mwamva inu osekanu? Ali ndi mlongo, ndi ine ndaima pano. Munthu wathu tamulandira!"

Mayo ine! Ndinangogwira kumutu. A Pearson sanafunse kuti ubalewo unayamba liti, anafunsiranji? Anaomba m'manja msangamsanga, akuluakulu n'kuvomera kuti wolandira wapezeka, ndipo mwambo unatha mofulumira kuposa pemphero la chakudya. A Rozi anapita pakati paja, anasenza kasutikesi pamutu, n'kuwagwira a Gerishomo padzanja. "Tiyeni kwathu, achimwene." Anapita osacheuka.

Ndinawatsatira panjira ndikukankha njinga ija, ndipo sindinadikire kuti tifike.

"Mwaona chimene mwachita? Anali atagonja! Nyumba yapita, munda wapita, mpando wapita, chifukwa cha pakamwa panupo!"

A Rozi anaima, sutikesi ili pamutu. "Mukanaima ndinu pakati paja, a Meshack? Mwezi uno, mwezi wamawa, mwezi winawo, ana akukusekani kuti mulibe wanu? Mukanaima?"

"Akanapirira! Ndi mwamuna!"

"Ndiye kawafunseni."

Sindinawafunse. A Gerishomo anali patsogolo, akuyenda pang'onopang'ono ndi khasu paphewa, ngati sakumva.

A Rozi anawapatsa kanyumba ka mwana wawo amene anapita ku Joni. Anakazira bwino, n'kuuza adzukulu kuti awa ndi agogo anu aamuna, wowachitira mwano aona. Pogona panapezeka. Koma mudzi wa a Rozi unali kale ndi membala, a Rozi omwewo, ndipo miting'i ya mwezi inali kuyandikira. Ine sindinagonje. Ndinayenda khomo ndi khomo kwa mamembala, ndipo onse anagwirizana nane kuti tisinthe lamulo, wapampando akhale wa dera lonse, osaimira mudzi. Voti tinali nayo m'manja.

Tsiku la miting'i a Gerishomo anafika atavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kukhala pampando monga mwa nthawi zonse. Titapemphera ndinaimika dzanja n'kunena maganizo athu. Ndinalankhula bwino, osatukwana ngakhale kamodzi.

Anandimvetsera, kenako anafunsa, "A Wilisoni tinawasinthira?"

"Za a Wilisoni n'zina. Anasamuka okha. Inu akuthamangitsani!"

"Nkhalamba za m'mudzi muja zikadwala, ndimva bwanji ndili kwa a Rozi? Mudzi uja ukhale wopanda maso chifukwa chondimvera chisoni ine?"

"Ndiye mudziwo usankhe wake, inu mukhalebe pampando."

"Ndikhale pampando ndikuimira ndani? Mawa wina adzafuna zomwezo, ndipo sadzakhala wothamangitsidwa, adzakhala wa fanta. Mudzamukaniza bwanji?"

A Rozi anadumphira. "Basi, ndichoke ndine. Mudzi wathu uimiridwe ndi achimwene. Ine ndatopa kale ndi kukangana ndi a Meshack."

A Gerishomo anamwetulira pang'ono, koyamba chimwalirire a Veronica. "Achemwali, mwandipatsa nyumba. Ndikulandeninso mpando? Anthu a kwanu anasankha inu. Ine sindikudziwa ngakhale njira ya kumjigo."

Ndinamenya tebulo. "Ndiye tivote! Tione ngati mutiletse!"

"Votani," anatero. "Koma wapampando amene mukumuvoterayo akana."

Tili mkati mokangana choncho, pakhomo panamveka odi. Nditacheuka magazi anandithamangira kumutu. A Pearson! Atavala malaya oyera, chipewa m'manja, akuti mudzi unakhala pansi n'kusankha iwo kuti alowe m'malo mwa alamu awo, poti ndiwo wachikulire amene watsala ndi mphamvu zoyenda.

Ndinaimirira, mpando wanga n'kugwa chagada. "Inu? M'komiti yoteteza okalamba, inu? Mulibe manyazi? Tulukani musanandione!"

"A Meshack," anatero a Gerishomo. Sanakweze mawu. "Akugona m'mudzimo?"

"Akugona, koma..."

"Mudzi wawasankha?"

Ndinadzutsa mpando wanga uja n'kukhala pansi. Ndinkadana nawo onse awiri nthawi imeneyo, wolowayo ndi wotulukayo.

"Lowani, alamu," anatero a Gerishomo. "Khalani apa."

A Pearson analowa mwamanyazi, n'kukhala kumapeto kwa benchi, mamembala akusendera kutali ngati abwera ndi mphere. A Gerishomo anawatembenukira n'kuyamba kuwauza za m'mudzi muja, modekha, ngati akupatsira mnzawo bwato. Anati mai Fadila a kumapeto kwa mudzi sakuonanso bwino, ndipo akati adya musakhulupirire, muzikayang'ana nokha pamoto ngati pali phulusa la lero. Anati a Abudu mankhwala awo a magazi amawabisa pansi pa mphasa, muziima pomwepo mpaka ameze. Anati pali gogo wina amene adzukulu ayamba kumunena za ufiti chimwalirire mwana wa pakhomopo, ameneyo musadutse masiku osapondako, ndipo muzipita masana anthu akuona.

A Pearson ankangoti, "Eya, alamu. Eya, alamu," maso ali pansi.

"China ndi ichi," anatero a Gerishomo. "Mukamva kuti nkhalamba ikuchotsedwa pakhomo, musadikire miting'i. Muzithamanga tsiku lomwelo. Mochedwa simupeza munthu."

A Pearson anangopinda chipewa chawo pakati. Ine ndinkafuna a Gerishomo awalase ndi mawu ena, amodzi okha, andiziziritse mtima. Sanatero. Anali atamaliza.

Anaimirira, anakankhira mpando uja kwa ine, n'kuti, "Wachiwiri, pitirizani. Denga la mai Fadila likudontha, nkhani yake isagone." Anagwirana chanza ndi aliyense, a Pearson omwe, n'kutuluka.

A Rozi anatola kathumba kawo kuti awatsatire. A Gerishomo anabwezera mutu pakhomo.

"Achemwali, khalani. Mudzi wathu usasowe munthu pa miting'i."

A Rozi anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndinakhala pampando uja, wotenthabe, ndipo pawindo ndinkawaona akutsika kanjira ka kumudzi kwa a Rozi, okha, jekete likuwakulira m'mapewa. Mamembala onse ankandiyang'ana kuti nditsegule nkhani ya denga.